Kavalo Amene Anaweramira Apongozi

Pabalaza pa mlongo wanga Esinati, kuno kwathu ku Mchinji, papachikidwa chithunzi chachikulu cha m'galasi. Mkwatibwi wakwera kavalo woyera. Pambali pake paima mwamuna wa Esinati, alamu anga a Fanuelo, chipewa chili pachifuwa, mano onse pamtunda ngati akutsatsa mankhwala otsukira m'kamwa. Kumunsi kwenikweni, pangodya, pali dzanja logwira chingwe. Dzanja lokha, lopanda mwini wake. Wojambula anamusadza munthuyo ngati nthambi yotchinga njira. Musathamangire mano a alamu angawo, aliyense amayambira pomwepo. Nkhani yanga ndi ya dzanjalo.

Ine sukulu ndinaisiya ndili sitandade faifi, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma aphunzitsi ndi ine tinkasiyana maganizo pa nkhani ya masamu. Ku Lusaka ndinapita chaka china chimene fodya anatipusitsa ku okushoni. Ndinasiya mkazi ndi ana atatu, n'kudutsa pa Mwami ndi kachikwama ka pulasitiki, n'kukwera basi ku Chipata. Ulendo wake ngwoti matako amaiwala mwini wake. Ndinafikira ku Kabwata kwa msuweni wanga wina amene ankalondera sitolo, ndipo miyezi yoyamba ndinkasenza matumba ku msika wa Soweto. Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi dalaivala wa kalole kodzagula madeya. Nditamufunsa kuti nkhumba zake zilipo zingati, anaseka mpaka kutsokomola.

"Nkhumba? Awe mudala, ni va mahosi ivi. Ngati uziba kugwila fosholo, kwela."

Ndinakwera. Tinadutsa Libala, tinadutsa Woodlands, mpaka kumene mipanda ya njerwa imathera n'kuyamba ya waya. Kumeneko kunali sukulu yophunzitsa anthu kukwera akavalo. Eya, sukulu. Anthu a ku Kabulonga ankabweretsa ana awo Loweruka kuti adzaphunzire kukhala pamsana pa nyama, pamene kwathu kuno mwana akakwera bulu timamutsitsa ndi kamtengo. Mwini sukuluyo tinkangomuti Madamu, mayi wamtali wa ku Zambia komweko, wolankhula pang'ono, woona zambiri.

Kavalo woyamba kumulowera m'khola anandilonjera ndi mano. Anandigwira kachala kakang'ono ka dzanja lamanja, ndipo mpaka lero n'kopindika ngati mbedza. Wolakwa ndinali ine. Ndinalowa mwakachetechete, chakumbuyo kwake, ngati mbala. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayamba ndaodira. Ndiime pakhomo, "Odi, odi kuno!" ndidikire mpaka khutu lake litembenukire kwa ine, ndiye ndilowe. Anzanga ankandiseka, koma zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko palibe kavalo anandilumanso kapena kundimenya theche.

Tinkagona m'tizipinda ta kuseri kwa makola, anthu anayi, fungo la ndowe lili m'mabulangete, m'malaya, ngakhale mu tiyi. Ukamabwerera kuchokera m'tauni, kondakitala wa minibasi sankafunsa kumene utsikire, ankangonunkhiza. Koma malata a nyumba yanga anatuluka m'fungo lomwelo, choncho sindilinyoza.

Tsopano za a Fanuelo. Munthu ameneyu anabwera pamudzi pathu ngati mkamwini, atanyamula kamphasa ndi wailesi yopanda mabatire. Nkhoswe ya Esinati ndinali ine. Ankalima munda wa amayi anga, ndipo akandiona ankavula chipewa akadali patali ngati apo pali mjigo. Akayambana ndi Esinati, mlandu unkabwera kwa ine, iwo atakhala pansi, ine pampando. Zinthu zinali m'malo mwake masiku amenewo.

Ndiye Esinati anayamba kundivutitsa pa foni. "Achimwene, apezereni ntchito alamu anuwa, ana akukula." Lero, mawa, mkuja. Ndinakawapemphera kwa Madamu ndi pakamwa pangapa. Ndinakawachingamira ndekha pa siteshoni ya basi, akunjenjemera ndi magalimoto ngati nkhuku yogulidwa kumene. Ndine ndinawaphunzitsa kukankha wilibala, kupesa ubweya, kutokosa ziboda, kumanga chishalo osatsina mimba ya nyama. Zonse anayamwa kwa ine.

Koma a Fanuelo anali ndi chinthu chimodzi chimene ine ndinalibe, ndicho matako opanda mantha. Akavalo amafunika kuwathamangitsako m'mawa ophunzira asanafike, kuti mphamvu za udzu zitsike. Iwo anapempha kukwera. Anagwa, anakweranso, anagwa, anakweranso. Ine ndinayesapo kamodzi. Ndinasankha kakavalo kakafupi ka ana, koti mapazi anga ankatsala pang'ono kukhudza pansi. Kanayenda mapazi atatu mwaulemu, kenaka kananditula pamulu wa ndowe bwinobwino ngati katundu wofika kwa mwini wake. A Fanuelo anali pomwepo. Sanaseke, ndipo n'chimene chinandipweteka. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani, alamu." Kumeneko kunali kuvula komaliza kwa zaka zambiri.

Patapita zaka zingapo, Madamu anawatumiza ku maphunziro. Anabwerako ndi pepala lodinda, jombo zofika m'mawondo, thalauza yoyera yothina ngati khungu la soseji, ndi dzina latsopano: Kochi Fani. Chichewa cha kwathu chinathawa m'kamwa mwawo, munalowa "manje" ndi "so". Ine, nkhoswe, ndinkawabweretsera kavalo, n'kulumikiza manja anga awiri kuti apondepo jombo pokwera. Taganizani. Jombo ya mkamwini m'manja mwa mwini mbumba.

"Ba mudala, letani hosi, taimu yatha!"

Pagulu ankanditi ba mudala, ngati sitinapisepo m'mbale imodzi.

Aphunzitsi pasukulupo analipo atatu, ndipo ndikuuzani za iwo mosakondera, chifukwa ine ndinkawaonera pansi, kumene zonse zimaoneka. Panali mtsikana wina wa pepala la ku Joni. Mafupa onse a kavalo ankawadziwa mayina, koma diso silinkachoka pa foni, moti mwana akanatha kuzungulira bwalo atakhala chafutambuyo iye osaona. Panali mkulu wina wakalekale amene phunziro lake lonse linali mawu awiri, "Zidendene pansi!" Ankakuwa mpaka akhwangwala a pampanda anawaloweza. Ndiyeno alamu anga. Ndinene zoona ngakhale zikundikola pakhosi: munthu ankamuphunzitsa bwino. Anali oleza mtima. Mwana wokwera akulira ankatsika akuseka, n'kumakana kupita kwawo. Koma ankaphunzitsa wokwera yekha. Kavalo ankamuona ngati njinga yamoto yodya udzu.

Za kavaloyo ndinkaphunzitsa ndine, chamseri, ndikukoka chingwe. "Yang'ana makutu, mwana iwe. Akagona chakumbuyo wakwiya. Lina likaloza kwa iwe, akukumvera." Ana onse a pasukulupo ankaodira pakhola, makolo awo akuseka n'kumawajambula.

Lolemba sukulu inkatsekedwa kuti akavalo apume. Lachiwiri m'mawa Madamu ankatisonkhanitsa pansi pa mtengo n'kutiwerengera pa foni zimene makolo alemba pa intaneti za maphunziro athu. Kumeneko amagawa nyenyezi, akakukonda amakupatsa zisanu. Kochi Fani nyenyezi zisanu. Kochi Fani ndi woleza mtima. Mwana wanga amalota Kochi Fani. Zaka zonsezo ine ndinatchulidwamo kamodzi, kumapeto kwenikweni, kuti palinso mudala wina wa wilibala, woseketsa. Mkamwini nyenyezi zisanu, ine ngakhale chiphaniphani.

Chaka china, mphepo ya Juni itangoyamba, kunabwera mtsikana wa ku Chelstone, dzina lake Taonga. Ankagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo anali asanakhudzepo ngakhale bulu. Ukwati wake unali utatsala miyezi iwiri, ndipo ankafuna kudzalowa pa madyerero atakwera kavalo woyera. Madamu anamupereka kwa Kochi Fani, n'kumusankhira kavalo woyera dzina lake Shuga.

Shuga anali wanga. Pa pepala anali wa Madamu, koma amene ankamupesa, kumuchotsa nkhupakupa, kumuyendetsa m'mimba mukamupota, ndinali ine. Kavalo wamkazi, wachikulire, wofatsa ngati mayi wa mvano. Alamu anga anamuphunzitsa Taonga bwino kwambiri, sindikana. Anamuphunzitsa kukhala chowongoka, kugwira zingwe, kumwetulira uku mantha ali m'mimba. Anamuuza ngakhale kubwera ndi nsalu yaitali kuti azolowere kukwera ndi diresi. Ine ndikukoka chingwe, ndikumeza malovu owawa.

Tsiku lina masana ndikumudyetsa Shuga m'mbali mwa mpanda. Kuseri kwake kunali amayi a ku Bauleni amene ankatimwetera udzu, mtsogoleri wawo Amake Joyi, mayi wa pakamwa posatseka. Foni ya Amake Joyi inalira, anauzidwa kuti mwana wawo wachira ku chipatala, kwabadwa mdzukulu. Anataya chikwakwa n'kuimba nthungululu ija yoboola khutu. Abale inu! Shuga, mayi wa mvano uja, anaima ndi miyendo iwiri, maso atayera, n'kundikoka chokwawa mpaka pa thanki ya madzi. Phewa langa linatsala pang'ono kuguluka.

Nditadzuka n'kusasa fumbi, ndinapeza kuti ndikumwetulira. Mulungu andikhululukire, ndinamwetulira. Ukwati wa kuno wopanda nthungululu unachitikapo? Wopanda ng'oma, wopanda mahutala a magalimoto, wopanda amayi oyala zitenje pansi kuti mkwatibwi apondepo? Kochi wa nyenyezi zisanu anaphunzitsa mkwatibwi kukwera, koma palibe anamuphunzitsa kavalo ukwati.

Kuti mawa asadzandinene, ndinapitako ndithu kwa alamu anga. Ndinawapeza akupukuta jombo, aphunzitsi anzawo ali pomwepo.

"Alamu, kodi Shugayu mwamuphunzitsa ukwati?"

"Ukwati? Akwatiwa ni Shuga?" Anzawo aja anaseka. "Ba mudala, imwe onani va wilibala. Va malesoni tisiileni ise."

"Chabwino, ba kochi."

Ndinatseka pakamwa panga ngati chitini cha shuga m'nyumba ya ana ambiri. Masabata awiri ndinayenda mopepuka. Ndikukankha wilibala ndinkaona m'maso mwanga thalauza yoyera ija ikukokedwa m'fumbi pamaso pa anthu a ku Kabulonga. Ndinkamva Madamu akuwerenga Lachiwiri lake, nyenyezi zikuthothoka imodziimodzi ngati mango a mphutsi. Za mkwatibwi sindinkaganiza. M'maloto anga ankagwera pa kapinga wofewa n'kudzuka akuseka. Nsanje imadziwa kuyala matiresi pamene ikufuna.

Loweruka lina, phunziro litatha, Taonga anabwera kukhola. Anaima pakhomo monga ndinamuphunzitsira.

"Odi Shuga, ni ine Taonga." Anadikira khutu, ndiye n'kulowa. Kenaka anatembenukira kwa ine, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kundilonjera ngati agogo ake. "Ba shikulu, muli shani? Nifunseko. Shuga sazayopa bantu?"

"Afunseni ba kochi, mama. Ine ndine wa wilibala."

"Awe, imwe ndimwe mumuziba." Anamusisita Shuga pakhosi. "Niyopa chabe cifukwa ca ba mami. Bakamba ati ndiye bazayamba kuyala chitenge. Mwendo wao ubaba, bayenda na ndodo, manje bakana kumvela. Ati mwana wanga ni umozi chabe, nizayala neka pasogolo pa hosi. Elo ku cimuna bakwiya kale. Ati mukazi wa bwanji oyangana bapongozi bake kucokela pamwamba monga bwana? So nifuna chabe viyende bwino."

Atapita ndinakhala pa ndowa. Matiresi aja anachoka. Ndinaona mayi wa ndodo atawerama pansi, ziboda za Shuga zili m'mwamba pamutu pake. Ndinakumbukanso lamulo la Madamu, loti kavalo wovulaza munthu sagonanso pasukulupo, amapita ku mafamu, ndipo amene anapita kumeneko sitinamvenso mbiri yawo. Nkhomaliro ya tsiku limenelo ndinapatsa agalu.

Musaganize kuti ndinatembenuka mtima n'kusanduka mngelo. Nsanje yanga inangosintha njira. Ndinati, chabwino, kavaloyu ndimuphunzitsa ndekha, mwakachetechete, ndipo tsiku la ukwati dziko lonse lidzaona kuti mphunzitsi weniweni pano ndani.

Lolemba, a kochi atapita m'tauni kukameta, ndinaitana Amake Joyi ndi anzawo asanu.

"Imwe ba Malawi, mwapenga? Tiimbile hosi nthungululu? Nanga cibwenzi cake cili kuti?"

"Chibwenzi chake ndine. Inu imbani, ndowe za m'dimba mwanu ndikukankhirani ndekha mpaka pampanda."

"Aa, ngati ni ndowe, tizaimba mpaka hosi ivine."

Tinayamba ali kutali, kuseri kwa makola, mayi mmodzi yekha, motsitsa. Ine ndili pakhutu pa Shuga, ndikumunyengerera. Akanjenjemera, tileke. Akatsitsa mutu, tiyambenso. Pang'onopang'ono anayandikira, anawonjezeka, ena akumenya ndowa m'malo mwa ng'oma. Dalaivala wa madeya uja ndinamunyengereranso kuti aziliza hutala. Lolemba lachiwiri Amake Joyi ankalulutira pamphuno pake penipeni, Shuga akungothamangitsa ntchentche ndi mchira.

Zitenje ndizo zinavuta. Kavalo sakonda kuponda chinthu chimene sakuchidziwa. Amayi aja akayala, iye ankaima nji, n'kumafwenthera, n'kuzungulira. Ndinamukoka, anakana. Ndinamunyengerera, anakana. Ndiye ndinakumbuka makaroti ofota amene dalaivala ankatitolera ku Soweto. Ndinaika kachidutswa pakati pa chitenje. Shuga anayang'ana ine, anayang'ana karoti, anatsitsa mutu mpaka pansi, anatola, n'kupondapo. Chitenje chachiwiri, karoti. Chachitatu, karoti. Pofika Lolemba lomaliza ankayenda pa zitenje zisanu ndi chimodzi ngati nduna yodzatsegula mlatho, amayi akuvina mbali zonse.

"Uyu manje angakwatiwe," anatero Amake Joyi. "Imwe ba Malawi ndimwe mwasala."

Chinthu chimodzi chokha ndinaiwala kumuuza Shuga: kuti ku ukwati kulibe makaroti.

Tsiku linafika. Madyerero anali pamalo ena a kapinga ku Kabulonga, matenti oyera, mipando yovekedwa nsalu ngati nayonso ikukwatiwa. Shuga tinamubweretsa pa lole, nditamusambitsa mpaka kuwala. Madamu analamula kuti chingwe agwire Kochi Fani, ine ndiziyenda kumbuyo ndi fosholo, mwina Shuga angasiye mphatso pa kapinga. Ndinavala ovolosi yanga yochapa, n'kunyamula fosholoyo.

Tinamukweza Taonga kuseri kwa geti, diresi lake likulendewera ngati ukonde wa udzudzu. Geti litatseguka, alamu anga anaona zimene zinali kutsogolo. Amayi mizere iwiri, zitenje m'manja. Ng'oma zitatu. Magalimoto a mdipiti akuliza mahutala onse pamodzi. Ndipo patsogolo pa onse, mayi wachikulire wa ndodo akudzikoka kubwera pakati pa njira. Nthungululu yoyamba itaphulika, ndinaona khosi la alamu anga likuchita thukuta. Chingwe chinayamba kunjenjemera m'manja mwawo. Shuga anamva kunjenjemerako, anadzutsa mutu, makutu akuvinavina kufunafuna mawu amene anazolowera.

"Alamu." Kamawu kakang'ono, Chichewa cha kwathu chenicheni, "manje" yense atathawa. "Alamu, tapalamula. Nyamayi itiphera munthu."

"Mukuitana ndani, ba kochi? Wa wilibala?"

"Alamu, ndapota nanu. Inu amakumverani. Ganizani za Esinati ndi ana."

"Chipewa."

"Mwati?"

"Chipewacho."

Anandiyang'ana. Ng'oma zikulira, anthu akudikira. Anavula chipewa chawo cha ukochi n'kuchigwira pachifuwa, monga ankachitira pa mjigo paja. Ndinatsamiritsa fosholo ku geti n'kulandira chingwe.

"Odi, mayi," ndinatero pakhutu pa Shuga. "Ndi Lolemba lija lomweli. Tiyeni." Khutu linatembenukira kwa ine, mpweya unatuluka m'mphuno, thupi lonse linafewa.

Amayi ake a Taonga anayala chitenje chawo, n'kulephera kudzuka msanga. Anakhala pomwepo chogwada, akululutira, misozi ili mbwee. Shuga anafika, anaima, n'kutsitsa mutu kufuna karoti wake. Apa m'pamene ndinakumbuka cholakwa changa. Zingwe zinamukoka mkwatibwi chakutsogolo.

"Lekerera zingwe, mama, gwira chishalo!" ndinanong'ona. Anamvera.

Mphuno ya Shuga inafika pansi penipeni, pafupi ndi mawondo a mayi uja. Inanunkhiza kumanzere, inanunkhiza kumanja, mwaulemu, mosafulumira. Karoti kulibe. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana ngati wondifunsa mlandu, kenaka anapondapo. Anthu anayang'anizana, osamvetsa chimene aona.

Chitenje chachiwiri anayala amayi a mkwati, aja okwiya aja, nkhope itauma ngati chikwanje. Anayala chifukwa cha mwambo basi. Shuga anafika, anaima, anatsitsanso mutu mpaka pa mapazi awo. Ndipo chifukwa Taonga anali atagwira chishalo, nayenso anawerama limodzi ndi kavalo, velo yake n'kugwera kutsogolo.

Mayi wina anakuwa kumbuyo, "Mayo ine! Hosi yagwadila bapongozi!"

Kunaphulika. Amayi a mkwati anagwira pakamwa, kenaka anamasula chitenje china cha m'chiuno n'kuyalanso. Aliyense tsopano ankafuna kuti kavalo amuweramire. Azakhali, alangizi, ngakhale abambo ena anayala majekete. Shuga, wosataya mtima, anafunafuna karoti wake pa nsalu iliyonse mpaka pa tenti. Njira ya mphindi ziwiri tinayenda theka la ola. Alamu anga ankayenda pambali, chipewa chikadali pachifuwa chifukwa anaiwala kuvala, ndipo mantha atawathera, mano anatuluka. Wojambula anafika pomwepo.

"Mudala, sendelani kumbuyo pang'ono, ovolosi iononga pikicha."

Ndinasendera mpaka pamene mkono unathera. Chingwe sindikanachisiya.

Lachiwiri lake tinakhala pansi pa mtengo paja, ine chifuwa chili patsogolo. Madamu anawerenga. Nyenyezi zisanu. Kochi Fani si mphunzitsi wamba, waphunzitsa ngakhale kavalo mwambo wathu. Kochi Fani mwiniwake anayenda njira yonse atavula chipewa, ulemu wotere ngwosowa masiku ano. Wina analemba kuti akanatha akanapereka nyenyezi khumi. Ndinadikira za mudala wa wilibala. Ulendo uno ngakhale wilibalayo sinatchulidwe.

Alamu anga ankayang'ana jombo zawo. Sanakane, sanavomere. Anthu atabalalika, Madamu anandiitana ndi chala.

"Mudala, makaloti ya pa Mande yanasila?"

Mayi uja ankaona zonse ali pawindo la ofesi yake.

"Kuli maukwati yatatu yafuna hosi yogwada. Uzakonzekeletsa na uja wa bulauni."

Mphotho yanga inali imeneyo: ntchito yowonjezera, ndi ndowe zambiri zokankhira Amake Joyi. Dzina la sukulu linamveka Lusaka yonse chifukwa cha akavalo aulemu a Kochi Fani. Pa ukwati uliwonse, tikafika kuseri kwa geti, alamu anga ankavula chipewa okha osauzidwa, n'kundipatsa chingwe. Anthu ankati ndi mwambo wa sukulu yathu. Tikabwerera kumakola, chipewa pamutu, "Ba mudala, letani hosi."

Mawondo atayamba kulira ngati chitseko chakale, ndinabwerera kuno. Shuga anali atafa kale ndi ukalamba, pasukulu pomwepo, mutu wake uli pamiyendo panga, osati ku mafamu. Ndinapeza ana anga ali ndi ndevu, mkazi wanga atazolowera kugona pakati pa bedi ndi kulamula yekha za kumunda. Adzukulu amanditi agogo a hatchi, ndipo akandipempha kuti ndiwauze mmene ndinkathamangira pa kavalo, ndimawatuma kukatunga madzi.

A Fanuelo akadali komweko, tsopano ndi mkulu wa aphunzitsi. Amabwera pa Khirisimasi ndi galimoto yobwereka. Akandiona amavula chipewa ali patali, koma pakamwa pamakhala kakumwetulira kena, moti sindidziwa ngati ndi ulemu kapena akundikumbutsa za mulu wa ndowe uja. Chithunzi chija anabweretsa ndi iwo. Esinati amachipukuta Loweruka lililonse. Ndinamuuzapo nkhani yonseyi, kuyambira nthungululu mpaka makaroti. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Achimwene, nsanje idzakuphani. Imwani tiyi."

Ndiye masiku ano, kukabwera alendo kwa Esinati, ndimapitako. Ndimakoka mpando n'kukhala pansi penipeni pa chithunzicho. Dzanja lamanja ndimaliika pabondo, nditalifumbata ngati lagwira chingwe, kachala kopindika kaja katatulukira kunja bwinobwino, monga kalili m'galasimo. Alendo amayang'ana kavalo, amayang'ana diresi, amayamikira mano a alamu anga. Ine ndimatsokomola pang'ono, n'kugwedeza kachala.

Sabata yatha mayi wina wa ku tchalitchi anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, kenaka anayang'ana dzanja langa, n'kuyang'ananso chithunzi. Mtima wanga unagunda ngati ng'oma za ku Kabulonga. Anandiyandikira, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Agogo, chala chimenechi ndi nyamakazi. Muzithira mafuta otentha."